Mbali Yotsutsa Boma m'Nyumba ya Malamulo: Zimene Nkhata Bay Anaziona

Cisankho cikatha, ndipo maina a opambana akamveka pa wailesi, anthu ambiri amayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Sizitero ai. Tsiku limene aphungu asonkhana koyamba m'Nyumba ya Malamulo pamakhala patatsala nchito ina yaikuru, ndiyo ya kugawa mipando. Ndani adzakhala nduna? Ndani adzakhala Sipikara woweruza zokambirana? Ndani adzatsogolera makomiti? Nanga aja amene cipani cao sicinapambane, malo ao ali pati?

Funso lotsirizali ndilo limabvuta mitima ya anthu. Ku Sanga, ku Mpamba, ku Kande ndi m'midzi yina ya m'mbali mwa nyanja alipo ena amene amaganiza kuti phungu wao akakhala ku mbali yotsutsa Boma ndiye kuti mavoti ao agwera m'madzi. Boma la Nkhata Bay ndi malo oyenera kuphunzirirapo nkhani imeneyi, pakuti ana ace akhalapo mbali zonse ziwiri za Nyumbayo, ndipo ena mwa iwo anasauka kwambiri pa nthawi imene mbali yaciwiriyo inalibe mpando.

Mbali ziwiri za Nyumba

Makhalidwe a Nyumba ya Malamulo ya dziko lino anacokera ku Mangalande. Sipikara amakhala kutsogolo. Ku dzanja lace lamanja kumakhala nduna ndi aphungu a cipani colamulira. Ku dzanja lamanzere kumakhala otsutsa. Mau akuti "kutsutsa" asasokoneze munthu. Satanthauza udani ndi dziko, kapena kukana ciri conse cimene Boma linena. Pa bwalo la milandu kumudzi mfumu siweruza itangomva mbali imodzi, ndipo nkhoswe imene iyankhulira woimbidwa mlandu siyesedwa mdani wa mfumu. Ikugwira nchito imene bwalo likuifuna. Ku Mangalande anazindikira ici kotero kuti kuyambira caka ca 1937 mtsogoleri wa otsutsa amalandira malipiro ocokera m'thumba la Boma lomwelo limene iye alitsutsa.

Cisankho ca 1961

Anthu a ku Nkhata Bay sasowa kuwakumbutsa za pa 3 March, 1959, tsiku limene Bwanamkubwa analengeza Emergency. Omangidwa anaikidwa m'sitima ya Mpasa, khamu la anthu linasonkhana pa doko kufuna abale ao, ndipo asilikari anaombera ndi kupha anthu osacepera 20. Cipani ca Nyasaland African Congress cinaletsedwa. M'mwezi wa September caka comweco Bambo Orton Chirwa, mwana wa boma la Nkhata Bay ndiponso loya woyamba wacikuda m'Nyasaland, anayambitsa Malawi Congress Party, ndipo mlembi wace anali mnyamata wa zaka 20, Aleke Banda, wa kwao ku Tukombo. Dr. Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo pa 1 April, 1960, a Chirwa anawapatsa utsogoleri wa cipanico.

Msonkhano wa ku Lancaster House mu London, m'miyezi ya July ndi August 1960, ndiwo unakonza cisankho cimene cinacitika pa 15 August, 1961. Makonzedwe ace ayenera kumveka bwino, cifukwa mkangano wonse wa mipando unacokera m'menemo. Osankha analembedwa m'makaundula awiri. Kaundula wapansi anali wa anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga amene anakhoma msonkho zaka zambiri, wa mafumu ndi nyakwawa, wa asilikari akale ndi ena otere; m'menemo munali anthu oposa 100,000, ndipo anasankha aphungu 20. Kaundula wapamwamba anafuna cuma cambiri ndi maphunziro apamwamba, motero ocuruka m'menemo anali Azungu ndi Amwenye. Sanafike 5,000, koma anasankha aphungu 8. Pamwamba pa 28 amenewa panali akuru a Boma asanu osasankhidwa ndi anthu, onse pamodzi 33.

Tambala wakuda wa Malawi Congress Party anatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi. A Orton Chirwa ndiwo anaimira Nkhata Bay, ndipo Bambo Kanyama Chiume, amene kwao ndi ku Usisya, anaimira Rumpi. Pa kaundula wapamwamba Congress inatenga mipando iwiri, ya Bambo Mikeka Mkandawire ndi Bambo Ismail Surtee. Mpando umodzi unapita kwa Bwana Colin Cameron, loya wa ku Scotland amene anaima payekha koma mothandizidwa ndi Congress. Isanu yotsalayo inatengedwa ndi United Federal Party, cipani cofuna citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene mtsogoleri wace kuno anali Bwana Michael Blackwood.

Tsono panabuka nkhani ya nduna. Bungwe la nduna, limene wapampando wace anali Bwanamkubwa Sir Glyn Jones, linayenera kukhala ndi anthu khumi: asanu akuru a Boma, atatu ocokera ku kaundula wapansi, ndi awiri ocokera ku kaundula wapamwamba. Pa atatu aja panalibe cobvuta. Koma awiri apamwambawo akhale a yani? A United Federal Party anati popeza anapambana mipando isanu mwa isanu ndi itatu, yonse iwiri ikhale yao. Bwanamkubwa anayang'ana ciwerengero ca Nyumba yonse, naona kuti cipani ca aphungu asanu sicingatenge nduna ziwiri pamene ca aphungu 22 ciri ndi zitatu zokha, ndipo anawalonjeza mpando umodzi. Iwo anaukana. Motero mipando iwiriyo inapatsidwa kwa a Cameron, amene anayang'anira za miseu ndi mtengatenga, ndi a Mkandawire, amene anakhala nduna yopanda unduna wace wace. Dr. Banda anatenga unduna wa za nthaka ndi maboma ang'ono, a Chiume wa maphunziro, ndi Bambo Augustine Bwanausi wa za nchito. A Orton Chirwa ndi Bambo Dunduzu Chisiza anaikidwa kukhala othandiza nduna, wina pa za cilungamo, wina pa za cuma.

Kukana kwa a Blackwood kunali ndi zotsatira ziwiri. Coyamba, cipani cao cinadzitsekera cokha kunja kwa cipinda cimene zinthu zinali kupangidwiramo, ndipo pamene nkhani ya kuthetsa citaganya inali kukambidwa, iwo anangoyankhula m'Nyumba popanda dzanja pa ciongolero. Caciwiri ndico cacikuru, ndipo cinakhalitsa zaka zambiri. Mbali yotsutsa yoyamba imene anthu a dziko lino anaiona inali ya Azungu asanu oteteza citaganya cimene anthu anacida, cimene abale ao anafera pa doko la Nkhata Bay. M'maganizo a munthu wakumudzi, kutsutsa ndi kugulitsa dziko zinasanduka cinthu cimodzi. Munthu wosiyana maganizo ndi Congress anali kuchedwa kapirikoni, ndipo dzinali linali lokwanira kuti anzace amuthawe.

Anthu akuda otsutsa analipo, ndipo ena ochuka mwa iwo anali a kunyanja komweku. Bambo T. D. T. Banda, amene anatsogolera Nyasaland African Congress Dr. Banda asanabwere mu 1958, anacotsedwa pa mpandowo nayamba cipani cao. Pa cisankho ca 1961 iwo ndi anzao sanapate mpando ngakhale umodzi. Bambo Manoah Chirwa, amene anakhala phungu m'Nyumba ya Malamulo ya citaganya ku Salisbury, anacotsedwa mu Congress mu 1957 cifukwa anakana kutula pansi uphunguwo. Kaya anthu amenewa analondola kaya analakwa, cimene cinaoneka ndi cakuti kunja kwa cipani cacikuru kunalibe poima.

Caka ca 1964

Cisankho cotsatira cinayenera kucitika mu April 1964, ufulu wa pa 6 July usanafike. Mipando inali 53: ya anthu onse 50, ndi itatu yosungira Azungu. Palibe voti imene inaponyedwa, pakuti pa mpando uli wonse panaima munthu mmodzi yekha. Congress inatenga 50 yonse, ndipo a Blackwood ndi anzao awiri anakhala pa itatu ija. Ambiri anakondwa, nati dziko lagwirizana.

Patangopita miyezi iwiri cilandirire ufulu, nduna zinasiyana maganizo ndi Dr. Banda. Nkhani zace zinali zeni zeni, zokhudza munthu ali yense: tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za Boma, malipiro a anchito a Boma monga anawakonzera Bwana Skinner, kucedwa kwa kupereka maudindo kwa eni dziko, cibwenzi ndi Apwitikizi amene anali kulamulira Mozambique, ndi funso la kuzindikira dziko la China. M'dziko lokhala ndi mbali yotsutsa yamphamvu, nkhani zotere zimafunsidwa poyera mlungu ndi mlungu, ndipo nduna imene yalephera kugwirizana ndi mtsogoleri wace imatula pansi udindo, nikhala pa mpando wa kumbuyo, kapena kuoloka kunka ku dzanja lamanzere, ndipo madzulo imapita kwao kukagona. Kuno malo otero panalibe.

Pa 7 September, 1964, a Orton Chirwa, a Chiume ndi a Bwanausi anacotsedwa unduna, pamodzi ndi Mai Rose Chibambo amene anali wothandiza nduna. Bambo Yatuta Chisiza, Bambo Willie Chokani ndi Bambo Henry Chipembere anatula pansi maudindo ao pomvera anzao cisoni. Nyumba inakambirana masiku awiri, pa 8 ndi pa 9 September, za kukhulupirira Nduna Yaikuru. Ocotsedwa aja anayankhula ali pa mipando ya kumbuyo, nafotokoza madandaulo ao, koma ngakhale iwo sanaponye voti yokana. Ici cionetsa kulemera kwa mau aja akuti wotsutsa: anthu amene anali atacotsedwa kale anaopabe kuchedwa dzina limenelo.

Isanathe miyezi iwiri, ambiri a iwo anali atathawa m'dziko. A Chiume anakhala ku Tanzania zaka 30, nabwera mu 1994. A Orton Chirwa ndi akazi ao, Mai Vera Chirwa, anagwidwa mu December 1981 ca ku malire a Zambia, naweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 pa bwalo la mafumu. Cilangoco cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992, ndipo Mai Chirwa anamasulidwa mu January 1993. Pa 6 July, 1966, lamulo linakhazikitsa kuti m'Malawi mukhale cipani cimodzi cokha.

Sikuno kokha kumene zinayenda motero. Ku Kenya cipani cotsutsa ca KADU cinadzithetsa cokha mu 1964 ndi kulowa m'cipani colamulira. Ku Zambia, kumene machona ambiri a ku Nkhata Bay anali kugwira nchito m'migodi, Bambo Harry Nkumbula anatsogolera otsutsa ndi aphungu khumi kuyambira 1964, ndipo analimba zaka zingapo, koma mu December 1972 nakonso kunakhazikitsidwa cipani cimodzi.

Sipikara wocokera ku mbali yotsutsa

Pa 14 June, 1993, anthu anafunsidwa pa riferendamu, ndipo oposa 60 pa 100 ali onse anasankha zipani zambiri. Cisankho cinacitika pa 17 May, 1994. Bambo Bakili Muluzi a United Democratic Front anapambana upulezidenti, koma m'Nyumba ya mipando 177 cipani cao cinapeza 85, Malawi Congress Party 56, ndi Alliance for Democracy ya Bambo Chakufwa Chihana 36. Kuti cipani cipambane voti pacokha cinafunika aphungu 89. Mipando yonse 33 ya Cigawo ca Kumpoto inapita ku AFORD, ndiye kuti munthu ali yense wa ku Sanga, Chintheche kapena Usisya anadzuka ali ndi phungu wa ku dzanja lamanzere.

Apa ndipo panaoneka kusiyana kwa mipando iwiri, wa nduna ndi wa Sipikara. Malamulo Akuru a dziko a 1994 amapatsa Pulezidenti mphamvu ya kusankha nduna, ndipo angathe kusankha ngakhale munthu amene si phungu. A Aleke Banda anakhala nduna ya za cuma m'Boma la a Muluzi, cinkana mipando yonse ya kwao inali ya AFORD. Koma Sipikara sasankhidwa ndi Pulezidenti. Amasankhidwa ndi aphungu eni ace pa msonkhano wao woyamba, ndipo wopeza mavoti ambiri ndiye amakhala. AFORD ndi Congress, zipani zimene dzulo lace zinali pa udani woopsa, zinagwirizana, ndipo pamodzi zinali ndi aphungu 92. Motero Sipikara woyamba wa nthawi ya zipani zambiri anali Bambo Rodwell Munyenyembe a AFORD, wocokera ku Chitipa.

Boma lopanda aphungu okwanira silingathe kupititsa ngakhale ndondomeko ya cuma ca caka. Cifukwa cace mu September 1994 a Muluzi anaitana AFORD kulowa m'Boma, ndipo Malamulo Akuru anasinthidwa kuti pakhale mpando wa Waciwiri Wina wa Pulezidenti, umene unapatsidwa kwa a Chihana. Lamulolo limanena kuti wokhala pa mpandowo asacokere m'cipani ca Pulezidenti. Otsutsa amene anatsala ndiwo a Congress, motsogozedwa ndi Bambo Gwanda Chakuamba. Owerenga aone kuti funso limene linafika kwa a Chihana ndi lomwe lija linafika kwa a Blackwood mu 1961: kulandira mpando m'Boma la mnzako, kapena kukhala kunja ndi kufunsa mafunso. Wina anakana, wina analandira, ndipo onse awiri anapeza mabvuto. Mu 1996 a Chihana anatula pansi udindo wao, koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka nao. Pokwiya ndi ici, AFORD ndi Congress ananyanyala zokambirana za m'Nyumba miyezi yambiri, kufikira mu 1997.

Kunyanyala kuli ndi phokoso, koma phindu lace ndi locepa. Mpando wopanda munthu sufunsa funso. Pa miyezi yonse imene aphungu a kunyanja anali kunja kwa Nyumba, panalibe woimirira kufunsa nduna za mseu wa m'mbali mwa nyanja, za mankhwala m'zipatala, kapena za mtengo wa maukonde. Mkangano wa aphungu osiya zipani zao kutsata unduna sunathere pomwepo. Gawo 65 la Malamulo Akuru, limene limati phungu wooloka kunka ku cipani cina ataye mpando wace, labvutitsa Masipikara ambiri ciyambire nthawi imeneyo.

Sipikara wocokera ku mbali yotsutsa anaonekanso mu 2014, pamene aphungu anasankha Bambo Richard Msowoya a Congress, Boma liri la Democratic Progressive Party, ndiponso mu June 2019, pamene anasankha Mai Catherine Gotani Hara a ku Mzimba, mai woyamba kukhala pa mpandowo. Sipikara akasankhidwa sayeneranso kukondera cipani cace. Ndiye wopereka mpata wa kuyankhula kwa onse, wamphamvu ndi wocepa yemwe.

Ndani asankha mtsogoleri wa otsutsa?

Nkhani yina yophunzitsa inacitika mu 2009. Caka cimeneco cipani ca Pulezidenti Bingu wa Mutharika cinapambana mipando yoposa 110 mwa 193. Mwambo unali wakuti mtsogoleri wa cipani cacikuru pa zipani zotsutsa ndiye mtsogoleri wa mbali yotsutsa, ndipo ameneyo anali Bambo John Tembo. Koma malamulo a kayendetsedwe ka Nyumba anasinthidwa kuti aphungu onse, ndi a Boma omwe, aponye voti pa mpandowo. Wosankhidwa anali phungu wacinyamata wa Congress, Bambo Abele Kayembe. A Tembo anakasuma ku Bwalo Lalikuru la Milandu, ndipo mu 2010 anabwezedwa pa mpando wao. Cifukwa cace sicobvuta kucimva. Woimbidwa mlandu akasankhiridwa nkhoswe ndi amene akumuimba mlanduyo, bwalolo langokhala cionetsero.

Nchito ya phungu wa ku dzanja lamanzere

Aphunzitsi pofotokozera ana za Boma acita bwino kukhalitsa pa makomiti, popeza nchito yambiri ya Nyumba imagwiridwa m'menemo, kumene wailesi sifikako kawiri kawiri. M'makomiti mumakhala aphungu a zipani zonse. Komiti yoona za kagwiritsidwe nchito ka ndalama za Boma imawerenga lipoti la mkuru wofufuza mabuku a Boma, niitana akuru a maunduna kudzalongosola kumene ndalama zinapita. Ndipo mwambo ndi wakuti wapampando wace acokere ku mbali yotsutsa, pakuti munthu sadziwerengera yekha nsomba zimene anamtuma kukagulitsa. Komiti yina imafunsa ndi kubvomereza anthu amene Pulezidenti wawasankha pa maudindo ena akuru, monga akazembe oimira dziko kunja ndi mkuru wa bungwe lothana ndi ziphuphu, ndipo iri nayo mphamvu ya kuwakana.

Phungu ali yense, wa kumanja kapena wa kumanzere, angathe kulemba funso kwa nduna, ndipo nduna iyenera kuyankha pamaso pa Nyumba yonse. Funso ndi yankho lace zimalembedwa m'buku lochedwa Hansard, limene munthu angathe kuliwerenga zaka zambiri pambuyo pace. Mau a nduna zija za 1964 akupezeka m'menemo kufikira lero. Kunena zoona, phungu wa mbali ya Boma nthawi zina amacita manyazi kufunsa nduna ya cipani cace funso lowawa, pamene wa mbali yotsutsa alibe comletsa. Ndipo pa za ndalama za citukuko ca m'dera, thumba limene linayamba mu 2006 linakonzedwa kuti dera liri lonse la phungu lilandire mofanana, osayang'ana cipani cace. Sikuti kukondera kulibe konse pa kagawidwe ka miseu ndi nyumba za sukulu. Kumene kwacitika, woyamba kukuchula poyera amakhala wa ku dzanja lamanzere.

Mwa ana onse a Nkhata Bay, amene anaona mbali zonse za nkhaniyi ndi a Aleke Banda. Anali mlembi wa Congress mu 1959, nakhala nduna m'Boma la cipani cimodzi. Mu 1980 anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, nakhala m'ndende zaka 12. Mu 1994 anali nduna ya za cuma. Pambuyo pace anasiyana ndi UDF, natsogolera People's Progressive Movement, ndipo pa cisankho ca 2004 anthu a dera la kummwera kwa Nkhata Bay anawasankha kukhala phungu wao. Anakhala ku mbali yotsutsa, nayankhula pa za cuma ca dziko monga munthu amene anasungapo yekha thumbalo, ndipo zokambirana zikatha anali kubwerera kwao ku Tukombo popanda wowatsata. Anamwalira mu April 2010.